Tsamba Limene Sindinang'ambe

Mudzi wa Kachiza,
Mvera,
Dowa.

24 Julayi 2025

Okondedwa mlongo wanga Lidia,

Ndikulemba kalata iyi ndi chiyembekezo chakuti ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga ndi onse a pakhomo panu ku Karongako. Ife kuno tili moyo mwa chisomo cha Mulungu. Chaka chino chisanu chaluma ndithu. M'mawa nkhungu imatsika kuchokera ku mapiri a ku Ntchisi n'kugona m'dambo mpaka dzuwa litakwera, ndipo amayi akumafika ku mapemphero atafunda zitenje ziwiriziwiri. Mtedza tinakumba wochuluka, soya ndiye sanachite bwino kwenikweni. Denga la khitchini lija tinafolera sabata yatha.

Mudabwa kuti ndatenga pepala ndi cholembera pamene foni ndili nayo. Pa foni munthu amalankhula mothamanga, ndipo mnzake amam'dula mawu asanafike pamene pali povuta. Ine ndikufuna ndifike pamenepo.

Ndaona kuti ndalemba ndime ziwiri ndisanatchule dzina la mwana wanu. Kezia ali kwanuko kuyambira kumayambiriro kwa mwezi uno, ndipo sindikudziwa zimene wakuuzani. Ngati wangoti wabwera kudzakuonani, ndiye kuti wandisungira ulemu umene sindinauyenere. Chonde werengani kalatayi mpaka kumapeto musanandiweruze, ndipo mukafika kumapetoko mundiweruze ndithu.

Mukukumbukira kuti nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anthu anandisankha kukhala mlembi wa gulu la otemera nkhuku la kuno. Tilipo anthu makumi awiri ndi atatu, ena a kuno ku Mvera, ena a kuseri kwa mapiri, mbali ya ku Ntchisi. Katatu pa chaka, mu Malichi, mu Julayi ndi mu Novembala, otemera amayenda khomo ndi khomo kudonthezera nkhuku katemera wa chitopa m'diso. Ntchito yake ndi yosavuta, chovuta ndi kukumbukira. Makope amanyowa, ena amatafunidwa ndi mbuzi, ndipo ena mwini wake amalephera kuwerenga zimene analemba yekha. Khomo limodzi likadumphidwa, chitopa chimalowera pomwepo, ndipo chikalowa m'mudzi sichifunsa kuti anaiwala ndani.

Kezia atabwera kudzakhala nane mu Febuluwale, atamaliza maphunziro ake a makompyuta ku Lilongwe, anaona mulu wa makopewo patebulo panga. Anatsegula atatu, nawatseka, nati, "Malume, ndipatseni miyezi inayi. Ndikupangirani pulogalamu ya pa foni yosunga makomo onsewa, yogwira ntchito ngakhale kumene kulibe netiweki." Ndinamuyankha kuti miyezi si yanga, ndi ya Mulungu, koma tebulo angathe kuligwiritsa ntchito.

Mlongo wanga, ine ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi zisanu, khumi ndi ziwiri mwa izo ndili mphunzitsi wamkulu, koma sindinaonepo munthu wogwira ntchito mwa dongosolo ngati mwana wanu. Pa kompyuta yake amatsegula chipangizo chotchedwa Android Studio, chimene ndingachiyerekeze ndi benchi ya kalipentala yokhala ndi sowo, hamala ndi pulena, chilichonse pamalo pake. M'menemo amalemba malangizo ouza foni chochita, amene iwo amati khodi. Akalakwitsa, chipangizocho chimadula mzere wofiira kunsi kwa mawu olakwikawo, monga ndinkachitira ine m'makope a ana, koma popanda kukalipa. Chimene chinandizizwitsa koposa ndi ichi: mkati mwa kompyutayo amatha kudzutsa foni ina, ya chithunzi chabe koma yogwira ntchito ngati yeniyeni, n'kumayeserapo pulogalamu yake. Lero ankaisandutsa foni yakale yofooka, mawa ankaichotsera netiweki dala, kuti aone zimene zidzachitike kuseri kwa phiri wotemera ali yekha pakati pa nkhuku.

Tsiku lina anatenga foni yanga. Anafunafuna malo ena obisika, nagogoda pamenepo ndi chala kasanu ndi kawiri, foniyo n'kulemba kuti tsopano mwini wake ndi wopanga mapulogalamu.

"Ndiye kuti ndakwezedwa pa udindo?" ndinam'funsa.

"Eya, malume, popanda intavyu," anatero. "Khomo limeneli lili m'mafoni a Android pafupifupi onse. Anangolibisa kuti anthu asalowemo mwangozi, koma sanalikhome."

Ndinaseka naye, koma mawuwo sindinawamvetse. Ndikanawamvetsa, bwenzi kalata ino ili ya mtedza ndi denga basi.

Vuto linayamba pakati pa mwezi wa Juni. Pulogalamu itatha, anaiika m'foni yanga kuti ndiiyese tisanaionetse ku gulu. Ine, monga mukudziwa, buku ndimaliwerenga kuyambira chikuto mpaka chikuto. Ndinatsegula tsamba lililonse, mpaka ndinafika pa lomaliza, limene anthu ambiri sapitako. Pamenepo panali mndandanda wautali wa maina m'Chingerezi, ndipo pafupifupi mzere uliwonse unayamba ndi mawu akuti Copyright. Dzina limene linabwerezedwa kawirikawiri linali lakuti The Android Open Source Project. La Kezia linaoneka kamodzi kokha, kunsi kwenikweni.

M'masiku athu, mawu amenewo pa buku ankatanthauza chinthu chimodzi: ichi n'cha mwini, usakopere. Ndinakumbukiranso kuti kangapo ndinamuona akutenga ndime yathunthu pa tsamba lina la pa intaneti n'kuiika m'ntchito yake. Ndinamuitana.

"Kezia, zonse zili m'foni muno walemba wekha?"

Anaseka. "Ine? Ayi, malume. Zanga mwina ndi gawo limodzi mwa magawo chikwi. Zina zonse ndangotenga."

"Unapempha kwa eni ake?"

"Sipafunika kupempha. Aliyense amatenga."

Lidia, ine ndayang'anira mayeso a boma zaka zambiri. Mawu akuti aliyense amatenga ndinawamva kwa mwana aliyense amene ndinam'gwira ndi kapepala m'sokosi. Tsiku limenelo ndinawamva m'kamwa mwa mwana wa mlongo wanga. Iye anayamba kufotokoza za chilolezo, koma ndinakweza dzanja monga ndinkachitira m'kalasi, ndipo pokhala mwana woleredwa bwino, anakhala chete. Kulakwa kwanga koyamba ndi kumeneko.

Nkhaniyo ndinakhala nayo mumtima sabata yathunthu. Ndinaganiza motere: makolo athu anapita, akulu athu onse anapita, mwini mbumba ndatsala ndine. Mwana wa m'mbumba akalakwa, mlandu umafikira kwa malume wake, ndipo malume waulemu sadikira kuti eni katundu abwere kudzagogoda. Amadzipereka yekha. Ndinaopanso kuti gulu likayamba kudalira chinthu chakuba, tsiku lina eni ake adzachitseka pakati pa katemera, makomo onse n'kutayika. Maganizo amenewa anandioneka olungama kwambiri, moti sindinaone chifukwa chowauza munthu wina aliyense, ngakhale mwini nkhaniyo, amene tinkadya naye patebulo limodzi tsiku ndi tsiku.

Loweruka pa 28 Juni gulu linakumana m'kalasi ya sukulu ya kuno. Kezia anaonetsa pulogalamu yake. Anaonetsa m'mene wotemera amasankhira mudzi, m'mene amachongera khomo akamaliza, ndi m'mene foni imakumbutsira makomo otsala. Mayi wina wa ku Ntchisi, amene sanagwirepo foni yotere, anayesa pamaso pa onse n'kukhoza ulendo woyamba. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Kenaka wapampando wathu, Mayi Luckness Gondwa, anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu tisanakweze manja. Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, ndipo ndinati:

"Amayi a pampando, ndi chisoni ndikudziwitsa msonkhano uno kuti ntchito imene mwaiombera m'manjayi si ya mwana wathu. Yambiri anakopera kwa anthu ena popanda kupempha. Ine monga malume wake ndikupepesa m'malo mwake, ndipo ndikupempha kuti gulu lisailandire."



"Ahedi," anatero Mayi Gondwa, "mukuti mtsikanayu ndi wakuba?"

"Ndikuti anakopera."

"Kwathu kuno zimenezo n'chimodzimodzi."

Bambo wina kumbuyo anafuula kuti, "Ndiye apolisi atigwira nawo mafoniwa?" Mayi wa ku Ntchisi uja anaika foni pa desiki msangamsanga ngati yamuotcha.

Kezia anaimirira. Sanalire. Anati, "Amayi a pampando, zonse zimene ndinatenga ndi zololedwa. Maina a eni ake ndinawaika ndekha pa tsamba limene malume awerengalo. Wakuba salemba dzina la mwini pa thumba." Kenaka anatembenukira kwa ine nati, "Malume, mukanandilola kumaliza mawu anga tsiku lija." Anatseka kompyuta yake natuluka.

Anthu anakhulupirira ine. Akanakhulupiriranso yani? Ambiri mwa iwo ndinawaphunzitsa kulemba maina awo. Gulu linagwirizana zobwerera ku makope, ndipo zonsezo ndinazilemba ndi dzanja langa m'buku la misonkhano, pa mfundo yachisanu ndi chimodzi: kuti pulogalamu yakanidwa chifukwa ndi yokopera.

Lamulungu Kezia anapita kutchalitchi, anakhala pakati pa amayi amene ankanong'onezana, anabwerera, anaphika, anandipatsa madzi osamba m'manja atagwada. Lolemba m'mawa anagwadanso pakhomo chikwama chili pambali, nati, "Ndapita kwa amayi."

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene mudzaseka, ndipo muli ndi ufulu woseka. Lachiwiri ndinalemba kalata yopepesa kwa eni ake a Android, masamba awiri a Chingerezi chosamala. Ndinagwiranso thadzi loyera, pakuti kupepesa kwa mlandu sikuyenda chimanjamanja. Ndinadziwa ndithu kuti nkhuku singatumizidwe pa positi, koma ndinafuna kuti pakhale mboni yoona kuti ndinaipatula. Ndinapita nazo pa msika wa Mvera kwa a Abasi, mnzanga wa golosale uja, amene mwana wawo Aziza amakonza mafoni pakhonde la sitoloyo. Ndinkafuna kuti Aziza andipezere keyala.

"Ahedi," anatero a Abasi atandiona, "thadzilo mukugulitsa kapena mukuliperekeza kusukulu?"

Ndinawafotokozera. Anaseka mpaka anagwira kauntala.

"Ndiye likwera ndege? Pasipoti mwalitengera? Ahedi inu, mukanakhalako masiku a Nuhu, bwenzi mukum'funsa chiphaso cha chombo madzi ali m'khosi!"

Aziza sanaseke. Iye ndi mnzake wa Kezia, ndipo anathandizana naye kuyesa pulogalamuyo pa mafoni akale amene anthu amabweretsa kudzakonzetsa. Anaika pansi kasikuludilaiva kake, anandikokera mpando, nati, "Bambo Kanyemba, Chingerezi mumachidziwa kuposa ine. Werengani nokha." Anatsegula pa kompyuta yake chikalata chotchedwa Apache License, chimene dzina lake linali pa tsamba lomwe lija, pansi pa maina, pamene maso anga anangodumpha.

Ndinachiwerenga kawiri, chala chikutsata mzere. Ndi Chingerezi cha maloya, koma tanthauzo lake ndi lowala ngati masana. Eni ake akuti: tengani, gwiritsani ntchito, sinthani, gawirani ena, kwaulere ndiponso mpaka kalekale. Zimene akupempha ndi zochepa: kuti maina a olemba asafufutidwe, kuti chikalatacho chiziyenda pamodzi ndi ntchitoyo, ndi kuti wosintha anene poyera kuti wasintha. Mndandanda uja, umene ndinauyesa umboni wa kuba, unali umboni wa kukhulupirika. Mwana wanu anasunga lamulo mpaka kadontho komaliza, ndipo ine ndinam'pachika ndi kumvera kwake komweko.

Aziza atandiona kuti ndavula magalasi, anayamba kundifotokozera pang'onopang'ono, monga ndikanayenera kulola Kezia kuchita. Anati pansi penipeni pa foni yanga pali maziko otchedwa Linux, amene anayambitsa wophunzira wina wa ku Finland m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira pamenepo anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana akhala akuonjezerapo. Pamwamba pa mazikowo panamangidwa Android, imene kampani ya Google imaitsogolera, n'kumaika khodi yake poyera kuti wopanga mafoni aliyense atenge. Zipangizo zopangira mapulogalamu, kuphatikizapo foni ya chithunzi ija, munthu amangozitenga pa intaneti, kaya ali m'likulu la dziko lolemera kaya ali pakhonde la golosale ku Mvera.

"Koma musamve ngati ndi zonse," anatero. "Sitolo ya mapulogalamu, mapu ndi zina, zimenezo n'za kampani, n'zotseka. Zotsegula ndi maziko ndi makoma. Mipando ina ndi ya eni ake."

Ndinam'thokoza chifukwa chosakometsera nkhani.

Kenaka anandionetsa chinthu chimene sichinandichoke m'mutu mpaka lero. Olemba khodi amenewa amasunga mbiri ya kusintha kulikonse. Munthu akasintha ngakhale mzere umodzi, pamalembedwa dzina lake, tsiku, ndi chifukwa chake. Kusinthako kusanalowe, mnzake amakuwerenga n'kupereka ndemanga, ndipo nthawi zina amakubweza. Ndinawerenga ndemanga zingapo. Wina analemba kuti zimene anasintha m'mbuyomo zaononga chinthu china, ndiye akuzibweza, ndipo dzina lake linali pomwepo, poti aliyense padziko aone.

"Sachita manyazi?" ndinafunsa.

"Mwina amachita," anatero Aziza. "Koma cholakwa sachifufuta. Amachisiya pomwepo n'kulemba kukonza kwake kutsogolo, kuti wobwera m'mbuyo adziwe pamene panali dzenje."

A Abasi, amene ankayeza mchere wa kasitomala khutu lili kwa ife, anati, "Ahedi, kodi amayi anu sankapala moto kwa anansi? Mwini moto ankawatengera kubwalo? Nanga moto wake unkachepa?"

Ndinakumbukira manotsi anga a masamu a Sitandade 8, amene ndinawakonza ndi kuwakonzanso kwa zaka makumi awiri. Aphunzitsi anzanga ankapempha kuti akopere, ine n'kumakana, n'kumati aliyense adye thukuta lake. Nditapuma ntchito ndinawakhomera m'bokosi lamatabwa. Chiswe chinawadya onse, ndipo palibe mwana wa m'kalasi ya mnzanga amene anapindula nawo. Koma kuli anthu kunja kuno, odziwa zinthu kuposa ine kutalitali, amene anamanga chinthu chimene chili m'matumba a anthu osawerengeka, n'kusiya mapulani ake pakhomo kuti wodutsa aliyense atenge. Sindikudziwa zonse zimene zili m'mitima mwawo, ndipo Aziza akuti makampani amapindulanso nazo m'njira zawo. Komabe ndinavula chipewa pamaso pa kompyuta ija, a Abasi akuona.

Thadzi ndinabwerera nalo. Kalata ija a Abasi anapempha kuti aimate pakhoma la sitolo, ndinakana.

Masana a tsiku lomwelo ndinatsegula buku la misonkhano. Ndikuululireni, mlongo wanga, kuti ndinatenga lezala ndi rula. Tsamba limenelo linali lisanawerengedwe pamaso pa gulu, ndipo ine ndimadziwa kudula tsamba mosaoneka chipsera. Ndikanalembanso lina loti pulogalamu yaimitsidwa kaye podikira kufufuza, ndipo pakapita chaka palibe akanakumbukira kuti ananena chiyani ndani. Ndinaika rula pa mzere. Chimene chinandigwira dzanja ndi munthu uja wosam'dziwa, wa kudziko limene sindidzafikako, amene analemba kuti ndaononga ndine. Ndinaona kuti ndikadula tsambalo, ndikhala ndapulumutsa dzina langa, koma la Kezia likhalabe lodetsedwa m'makutu a anthu makumi awiri ndi atatu.

Ndinabweza lezala. Kunsi kwa mfundo ija ndinalemba ndi inki yofiira motere: "Mawu a mlembi pa mfundo iyi anali abodza. Mlembi sanawerenge chikalata cha chilolezo, ndipo anakana kumva kufotokoza kwa mwini ntchito. Kezia sanabe kanthu. Wolakwa ndi mlembi." Ndinasainira, ndi kuika tsiku.

Ndinapempha Mayi Gondwa kuti aitanitse msonkhano wapadera, ndipo unachitika Loweruka pa 5 Julayi. Ndinawerenga tsamba lonselo mokweza, zakuda ndi zofiira zomwe. Ndinamasuliranso chikalata cha chilolezo m'Chichewa, ndime ndi ndime. Nditakhala pansi, Mayi Gondwa anatembenukira kwa ine.

"Ahedi," anatero, "zaka zonsezi tinkayesa kuti inu simulakwa. Lero tapumako." Anthu anaseka, ndipo ndinawalola. "Koma mwanayo mwam'thamangitsa, katemera akuyamba pa 14. Pulogalamuyo tiitenga kumwamba?"

Aziza, amene ndinam'pempha kuti abwere, anakweza dzanja. Anati Kezia anaika khodi yake yonse poyera, pa malo amene opanga mapulogalamu amasungirana ntchito, pansi pa chilolezo chomwe chija. Choncho aliyense wodziwa angathe kuitenga, kuimanga ndi kuiika m'mafoni, ngakhale mwini wake palibe. Anati anaonanso m'mawa womwewo, ndipo zonse zinali pomwepo.

Lidia, mawu amenewo anandilasa kuposa kuseka kwa anthu. Mwana wanu anachoka kuno wopwetekedwa, ndipo chala chimodzi chikanakwana kuti atseke zonse. Sanatseke. Gulu linakweza manja onse, ngakhale bambo wa apolisi uja. M'masiku awiri Aziza anaika pulogalamuyo m'mafoni khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo opanda mafoni anagawana ndi anzawo.

Katemera anayamba tsiku lake. Otemera ankabwera akuyamikira kuti saiwalanso khomo. Koma ine, pokhala ndi chizolowezi chakale, masana alionse ndinkayerekeza zimene zili m'foni ndi makope akale. Lachinayi ndinapeza chinthu. M'mudzi wa Chimwala muli amuna atatu otchedwa Danieli Banda, ndipo onse atatu ndinawaphunzitsa. Foni inkaonetsa Danieli Banda mmodzi yekha. Wotemera atachonga khomo la woyamba, ena awiriwo anasowa pa mndandanda wa otsala, pamodzi ndi nkhuku zawo zoposa makumi anayi.

Ndinapita kwa Aziza ndi mantha, poopa kuti aziti ndayambiranso kufunafuna zolakwa za mwana. Iye anasangalala. Anati, "Lembani zinthu zitatu: zimene munachita, zimene munkayembekezera, ndi zimene zinachitika." Ndinalemba mwa manambala, mosaonjezera ndemanga iliyonse. Atawerenga anati anthu ambiri amangolemba kuti sizikugwira, ndipo akanakonda onse akanadutsa m'kalasi yanga. Anazitayipa pa tsamba limene anthu amanenerapo mavuto a pulogalamuyo.

"Kezia aona?" ndinafunsa.

"Aliyense angaone," anatero. "Woyankha ndiye sitikum'dziwa."

Loweruka panalibe kanthu. Lamulungu panalibe kanthu. Lolemba Aziza anandiimbira kuti ndifike pa msika. Vutolo linali litakonzedwa, ndipo wokonza anali Kezia. Pa kusinthako analemba mawu awa, amene ndawakopera ndendende: "Makomo a maina ofanana tsopano akusiyanitsidwa. Cholakwa chinali changa. Anachipeza ndi F. Kanyemba, mlembi wa gulu." Lachiwiri wotemera anabwerera kwa Chimwala, ndipo nkhuku za a Danieli onse atatu zinalandira dontho lake.

Mizere itatu imeneyo ndaiwerenga kambirimbiri. A Abasi akuti ndi chikhululuko ndipo ndileke kudzivutitsa. Ine sindikuiona choncho. Kezia wandipatsa chimene anthu a ntchito yake amapatsa mlendo aliyense wopeza vuto: dzina lake pamalo pake, mosachotsera ndi mosaonjezera. Analemba kuti mlembi wa gulu. Sanalembe kuti malume. Ndipo wachita bwino, pakuti mlembi anakonza cholakwa chake pamaso pa gulu, koma malume sananene kanthu pamaso pa mwana. Dzina la Kezia kuno layera. Amayi a kutchalitchi aja tsopano akufunsa kuti abwera liti adzaphunzitse ana awo aakazi. Chatsala ndi cha pakati pa iye ndi ine, ndipo chimenecho sichikonzedwa ndi inki yofiira.

Choncho ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, musandinenere. Musamuuze kuti malume ndi munthu wamkulu, angowakhululukira. Ukulu wanga ndi umene unapangitsa anthu kukhulupirira bodza, ndiye usakhalenso chifukwa chom'kakamiza. Lachiwiri, ndikupempha malo ogona usiku umodzi. Lolemba pa 28 ndikwera minibasi yopita ku Lilongwe, kenaka basi ya kumpoto, ndipo Mulungu akalola ndidzafika ku Karonga Lachiwiri. Ndikudziwa kuti mwa mwambo wathu mwana ndiye amapita kwa malume. Ulendo uno mwambo udikire. Kalatayi ndapatsira a Thokozani, amene amayendetsa lole ya a Abasi ndipo akunyamuka mawa, kuti ifike ine ndisanafike.

A Abasi akupereka moni, ndipo akuti muwakonzere nkhani zonse za ulendo wanga kuti adzasekenso. Mayi Gondwa akupereka moni kwa inu ndi kwa mwana wawo wa mafoni, pakuti ndi m'mene akum'tchulira tsopano. Aziza akuti pali zinthu ziwiri zimene akufuna kum'funsa katemera wa Novembala asanafike. Moni wanga upite kwa alamu anga, kwa adzukulu, ndi kwa onse a mumpingo wanu.

Kwa Kezia sindikuika moni m'kalata muno. Moni wa pa pepala ndi wopepuka, ndipo umenewo ndidzabwera nawo ndekha. Muwerengereni kalatayi, kapena mum'patse awerenge yekha, ndipo asankhe. Ngati sakufuna kundiona, mudzandiuze pa depoti pomwepo. Ndidzakupatsani moni inu, n'kukwera basi yobwerera, ndipo sindidzam'sungira kanthu mumtima.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu, ndiponso, ngati mwini wake angalole, malume wa Kezia,

Festus G. Kanyemba